Ndani Wauza Njuchi?

Keziah Pegg anali mtsikana wokonda kufunsa. Lero anali ndi funso limodzi. Belu la kutchalitchi likuliriranji chonchi?

Nge! Nge! Nge!

Kunja kunali chisanu. Keziah anathamangira kutchalitchi. Anapeza a Crake akukoka chingwe. A Crake anali nkhalamba yoliza belu.

"Agogo, amwalira ndani?" anafunsa Keziah.

"Mfumukazi Victoria, mwanawe. Atisiya."

"Anali okalamba ngati inu?"

"Iwe! Ine ndine khanda. Ndinkabadwa iwo ali kale pampando wachifumu."

"Anayamba ali aang'ono?"

"Anayamba ali namwali. Kamunthu kakafupi, koma dziko lonse linkawamvera. Anakwatiwa. Anabereka ana asanu ndi anayi. Amuna awo atamwalira, anavala zakuda. Sanavulenso."

"Ngati amayi anga?"

"Ngati mayi ako. Koma pokalipa, mayi ako amaposa."

Keziah anaseka. Kenako anasiya kuseka.

"Agogo, nanga njuchi zauzidwa?"

Ulendo uno a Crake sanamve. Belu linali litawagonthetsa.

Mwambo wa njuchi aliyense ankaudziwa. Munthu wa m'nyumba akamwalira, umauza njuchi. Umagogoda mng'oma ndi kiyi wa pakhomo. Umamangapo kansalu kakuda. Ukapanda kutero, njuchi zimakwiya. Zimathawa, kapena zimafa.

Kwa a Pegg, njuchi zinali moyo. Uchi unkabweretsa buledi. Phula linkabweretsa nsapato. Bambo ake a Keziah anali atamwalira. Anasiya ming'oma basi.

Keziah anathamangira kunyumba. Anapeza amayi ake akusita.

"Amayi, tikauze njuchi!"

"Tikaziuze chiyani?"

"Mfumukazi amwalira."

"Ndiye? Ndi azakhali ako?"

"Koma ndi a m'nyumba muno. Taonani!"

Keziah analoza chitini cha tiyi. Pachitinipo panali nkhope ya Mfumukazi.

"Amakhala pashelefu pathu. Amatiyang'ana tikamadya."

"Amatiyang'ana, inde," anatero Mayi Pegg. "Anayamba atibweretserako nkhuni? Bambo ako atamwalira, belu linangolira pang'ono. Lero likulira ngati lapenga. Choka apa, ndikusita!"

Mayi Pegg sankanama. Maliro a wosauka alibe phokoso.

Keziah anapita kuseri kwa nyumba. Ming'oma ya udzu inali pamzere. Anaika khutu pa mng'oma woyamba. Zii. Anaika khutu pa wina. Zii. Anaika khutu pa womaliza. Zii.



"Zakwiya kale," ananong'ona. "Kapena zapita?"

Keziah anathamangira kusitolo. Ankafuna kanyenyeswa ka nsalu yakuda.

"Yatha, mwanawe," anatero mwini sitolo. "Mudzi wonse wagula."

Inalidi itatha. Zitseko zinavala yakuda. Zipewa zinavala yakuda. Ngakhale kavalo wa adokotala anavala yake. Kavalo! Koma njuchi za mayi wamasiye, ayi.

Keziah anabwerera kunyumba. Amayi anali atapita kukatunga madzi. Kuseri kwa chitseko kunali diresi lakuda. Linali diresi la amayi la Lamulungu. Linalipo limodzi lokha.

Keziah analiyang'ana. Anayang'ananso sizasi.

"Ndingodula mmunsi," anatero. "Kumbuyo. Amayi alibe maso kumbuyo."

Khwe! Khwe! Khwe!

Anadula kansalu ka mng'oma uliwonse. Anazula kiyi pachitseko. Anathamangira kuming'oma. Anamanga apa. Anamanga apo. Zala zake zinauma ndi chisanu.

"Keziah Pegg!"

Amayi anali ataima pambuyo pake. Diresi linali m'manja mwawo. Mmunsi mwake munali ngati mano a sowo.

"Khoswe wanji uyu wodziwa sizasi?"

"Khosweyo ndine, amayi."

"Kutchalitchi ndikapita bwanji? Miyendo pamtunda ngati kakowa?"

Keziah anayamba kulira.

"Njuchi sizikumveka, amayi. Zonse zii. Zikapita, tidzadya chiyani?"

  Mayi Pegg anayang'ana ming'oma. Anayang'ana zala za mwana wawo.

"Bweretsa kiyiyo," anatero. "Wamugwira ngati supuni."

Anagwada pa mng'oma woyamba. Anagogoda pang'onopang'ono.

Go! Go! Go!

"Lankhula tsono. Pakamwa uli napo ndiwe."

Keziah anagwada pambali pawo. Anapukuta mphuno.

"Njuchi, njuchi, odi," anatero. "Mfumukazi amwalira. Anakhala pampando nthawi yaitali. Anayamba a Crake asanabadwe. Anali amasiye ngati amayi anga. Tsopano mwana wawo ndiye mfumu. Pepani tachedwa kukuuzani. Musachoke, chonde."

Anaika khutu pa udzu. Zii.

Anadikira. Zii.

Kenako, mkatikati, kanamveka kamawu.

Mmmmm.

Kamawuko kanakula.

Wuuuuu!

"Amayi! Zilimo! Zamva!"

"Zamva, inde," anatero amayi. "Zikutinena kuti tazidzutsa kukuzizira."

Anagogoda mng'oma wina. Keziah analankhula. Wuuuuu! Anagogoda womaliza. Keziah analankhulanso. Wuuuuu!

Palibe njuchi inachoka. Ngakhale imodzi.

Analowa m'nyumba. Amayi anamwetsa Keziah tiyi wa uchi. Kenako anamupatsa singano ndi ulusi.

"Wadula wekha. Upinda wekha."

Anakhala pafupi ndi moto. Amayi anagwira mbali iyi. Keziah anagwira mbali iyo. Diresi linafupika ndithu.

"Amayi?"

"Chiyaninso?"

"Njuchi nazo zili ndi mfumukazi yawo. Ikamwalira, zimabwera kudzatiuza?"

"Soka, iwe!" anatero Mayi Pegg.

Koma mapewa awo ankagwedezeka. Anali kuseka.