Mzime Akuopa Kusiya Amayi

Mzime anali mwana womaliza kwawo. N'chifukwa chake onse ankamutchula kuti Mzime.

Mzime ankafuna kupita kusukulu ngati anzake. Koma m'mawa uliwonse ankaopa.

Mtima unkagunda, di, di, di. M'mimba munkapota. M'manja munkatuluka thukuta.

Amayi ake anali telala. Ankasoka pakhonde la shopu, m'mbali mwa msewu. Mumsewumo munkadutsa magalimoto ambiri.

Mzime ankangoganiza za amayi. Nanga galimoto itawagunda? Nanga atadwala? Nanga ataiwala kudzamutenga?

Akafika pageti pa sukulu, Mzime ankagwira siketi ya amayi. Ankalira. Sankafuna kuisiya.

Tsiku lina anathawa m'kalasi. Anathamanga mpaka kushopu, ali wefuwefu.

Achimwene ake anati ndi ulesi chabe. Amayi anakana. Anapita naye kuchipatala.

Adokotala anamuyeza m'mimba. Munalibe vuto. Kenako anamufunsa chimene ankaopa. Mzime anafotokoza zonse akulira.

"Mwanawe, si ulesi ayi," anatero adokotala. "Ndi matenda a nkhawa. Ana ambiri amadwala matendawa, ndipo amachira."

Adokotala anawatumiza kwa alangizi a ana. Alangizi anaphunzitsa Mzime kupuma mofatsa. Ankakoka mpweya pang'onopang'ono. Ankautulutsa ngati akuziziritsa tiyi.

Anamuphunzitsanso kuzolowera pang'onopang'ono. Poyamba, amayi ankapita panja, iye n'kutsala m'nyumba. Mtima unkagunda. Mzime ankapuma. Amayi ankabwera.

Kenako amayi ankapita kumsika, iye n'kutsala ndi achimwene. Mtima unkagunda. Mzime ankapuma. Amayi ankabwera.

Masiku ena zinkakanika. Alangizi anati palibe vuto, ayesenso mawa.

Tsiku lina amayi anamusiya pageti. Mzime analowa m'kalasi yekha.

Kunja kunalira hutala ya galimoto. Mtima unagunda kwambiri, di, di, di. Mzime anayang'ana pakhomo. Ankafuna kuthawa.

Anagwira desiki. Anapuma. Anapumanso. Anakhala mpaka belu lowerukira linalira.

Amayi anali pageti, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Unachita mantha, mwanangu?" anafunsa amayi.

"Eya, amayi. Koma sindinathawe."

Amayi anamukumbatira. Popita kwawo, Mzime anawaimbira nyimbo imene anaphunzira tsikulo. Anaiwala mawu ena. Amayi anapekapo awo, ndipo onse anaseka.