Katani Idatsika Nyimbo Ili Pakati

A Janardan Kinikar adali pakati pa nyimbo pamene mawu awo adaduka. Adayasama, koma sipadatuluke kanthu. Woyimba limba adabwereza ndime ija kachiwiri, kenaka kachitatu, uku akuwayang'ana. Iwo adadzandira n'kugwira chipilala cha mapepala chomwe chidali pansanja, chipilalacho n'kupendekeka. Katani yofiira idayamba kutsika mofulumira.

Ketaki Bhujbal, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, adali pamzere wachinayi ndi bambo ake. Foni yake idali m'manja, akujambula mobisa.

"Yakwana nthawi yopuma?" adafunsa bambo akewo, a Sadanand. Ankayankhula mokweza chifukwa mawu awo omwe sankawamva bwino.

Ketaki adapukusa mutu. Nthawi yopuma idali itadutsa kale, anthu atadya kale mavada awo, tizitumbuwa totentha, ndi kumwa tiyi. Padangotsala nyimbo ziwiri kuti ifike yomaliza, yomwe bambo akewo adabwerera.

A Sadanand adayendetsa rikisho, kagalimoto ka matayala atatu konyamula anthu, m'misewu ya mumzinda wa Pune zaka makumi awiri ndi zisanu. Khutu lakumanja lidafa kalekale, ndipo lakumanzere linkamva pang'ono mothandizidwa ndi kamakina. Adasiya kuyendetsa n'kuyamba kusoka mipando ya marikisho a anzawo. Dokotala adali atawauza kuti mvula ya chaka chimenecho isanathe, khutu lotsalalo lidzatsekanso. Sadalire atamva zimenezi. Adangouza mwana wawo kuti, "Ndikufuna ndikamvenso Mkwatibwi wa Mvula kamodzi kokha."

Sewero la nyimbo limeneli lidali litatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi likuonetsedwa Lamlungu lililonse masana, ndipo a Janardan ndiwo ankalitsogolera kuyambira tsiku loyamba. A Sadanand adakaliona koyamba ndi mkazi wawo atangokwatirana kumene. Mayi a Ketaki ankayimba nyimbo yomalizayo chapansipansi akamachapa, mpaka chaka chomwe adamwalira. N'chifukwa chake Ketaki adalawirira kukaima pamzere kuti apeze mipando yakutsogolo, pomwe bambo ake akadatha kumva. Ankajambula kuti nyimboyo akawaikire kunyumba mokweza, foni itagunda khutu.

Mphekesera adali atazimva. M'miyezi iwiri yapitayo seweroli lidaima panjira kawiri. Koyamba adati magetsi, kachiwiri adati pakhosi. Koma m'mabasi anthu ankanong'onezana kuti mkuluyo wayamba botolo.

Bambo wina wonenepa, woyang'anira gululo, adatuluka kutsogolo kwa katani manja ataphatikiza. Thukuta linkatsika m'khosi mwake.

"Abale, pepani kwambiri. Pa zifukwa zomwe sitikadatha kuzipewa, lero tilekeza pomwepa. Chonde tulukani mwabata."

"Zifukwa zake ziti?" adafunsa munthu wina kumbuyo. "Aka n'kachitatu."

"Ine ndachokera ku Satara, maola atatu m'basi," adatero mayi wina atanyamula mwana. "Ndikawauza chiyani kunyumba, kuti ndaona theka la mkwatibwi?"

"Mufinyireni mandimu, matsire athe," adatero mnyamata wina. Holo yonse idaseka.

Gogo wina wa tsitsi loyera yemwe adali pafupi ndi Ketaki adakweza dzanja. "Ana inu, taimani. Munthu amadwala. Ine seweroli ndaliona kokwana makumi anayi, sadandinamizepo." Palibe adamumvera.

Ketaki adayang'ana bambo ake. Ankakonzakonza kamakina kawo m'khutu, akumwetulira, maso ali pakatani, kudikira kuti itsegukenso. Adali atavala malaya awo oyera omwe adawasita okha m'mawa. Mtima wa Ketaki udawira. Sadadziwe kuti adakwera liti pampando. Adatembenuza foni kuti ijambule nkhope yake, n'kuyamba kukuwa.

"Zifukwa zake taziona tonse. Munthu waledzera. Ndamujambula ine akudzandira. Chidakwa chopanda manyazi, chikuba masiku a anthu. Ngati watopa apite akafere kwawo."

Mawu akuti chidakwa adagwira ngati moto wa paudzu. Anyamata akumbuyo adayamba kuwayimba akuwomba m'manja, ena n'kulowererapo. Mabotolo apulasitiki adayamba kuuluka, kenaka nsapato, kenaka mpando. Ena adakwera pansanja n'kukoka katani mpaka idang'ambika mbali imodzi. Ambiri adathamangira panja kukatchinga chipata chakumbuyo kuti mkuluyo asathawe asanawapepese.

A Sadanand sadamve liwu limodzi la mwana wawo. Phokoso litangoyamba, kamakina kadalira m'khutu ngati mluzu, iwo n'kukazimitsa, n'kuweramira pansi atagwira mutu.

"Tibweranso Lamlungu likudzali," adatero ali m'basi. "Munthu amatha kutsamwa, Ketu. Usakwinye nkhope choncho."

Ketaki atafika kunyumba, dzuwa lisanalowe, adaika vidiyo ija pa intaneti.

Lolemba kusukulu adamulandira ngati wopambana mpikisano. Mnzake Rutuja adamuthamangira pachipata.

"Aise, watchuka. Ngakhale azakhali anga a ku Nashik anditumizira, osadziwa kuti timakhala desiki imodzi."

Anyamata ankayenda modzandira m'khonde, akugwira zipilala, anzawo akufa ndi phwete. Pofika madzulo wina adali atajambulira botolo m'dzanja la a Janardan, wina ataikamo nyimbo yovinira. Ketaki ankawerenga zomwe anthu ankalemba. Ankamutcha mtsikana wolimba mtima, wonena zoona. Zidamukomera.

Lachitatu mphunzitsi wa mbiri yakale adalowa m'kalasi atanyamula nyuzipepala. Sadatchule dzina la wophunzira aliyense. Adangoiwerenga pang'onopang'ono. A Janardan Kinikar adagwidwa ndi sitiroko ali pansanja. Maulendo awiri oyamba aja adali machenjezo a nthenda yomweyo. Madokotala adawaletsa kuyimba, koma iwo adabisa chifukwa mabanja makumi atatu ankadya kuchokera museweroli. Lamlungu lija adagona pansi kuseri kwa katani, ndipo ambulansi idaima panja pa chipata mphindi makumi anayi, anthu akukana kupatuka. Eni holo adati gululo lisadzapondenso pamalo awo. Mkwatibwi wa Mvula adatsekedwa.

Mphunzitsi adapinda nyuzipepala n'kuyamba kulemba pabolodi. Rutuja adasuntha chikwama chake pang'ono.

"Inetu sindidatumizire munthu," adanong'ona, ngakhale Ketaki ankadziwa kuti adatumizira kalasi yonse.

Ketaki adathamangira kuchimbudzi n'kufufuta vidiyo ija. Sizidathandize. Idali kale m'mafoni masauzande, ndipo omwe dzana ankamutama tsopano ankafunsa kuti mwana wopanda mwamboyu makolo ake ndani.

Madzulo adapeza bambo ake atakhala pansi pafupi ndi makina osokera, nyali asadayatse. Pambali pawo padali kapepala kothimbirira ndi mafuta a injini.

"Anzanga a pasiteji ya marikisho andionetsa vidiyo yako," adatero. "Nkhope ndidaizindikira, koma mawu sindidawamve. Ndiye ndidapempha wina kuti andilembere. Adakana kawiri. Kachitatu adalemba."

Ketaki adagwada pafupi nawo. "Ndidachitira inu, Ababa."

"Ukuti?"

"Ndidachitira inu," adakweza mawu. Iwo adapendeketsa mutu, osamvabe. Adakuwa kachitatu misozi ikutsika, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana adasiya kusinja zokometsera ndiwo.

"Basi, usakuwe," adatero a Sadanand. "Wakuwa mokwanira."

Adatola kapepala kaja n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Ine ndidapita kukamva nyimbo, Ketu. Ikadalephereka ndikadabwerako ndi chisoni changa, n'kukhala nacho. Sindidakutume kukauza munthu kuti akafe. Munthu ameneyu adatiyimbira ine ndi mayi ako tili ndi mphasa imodzi ndi mapoto awiri."

Sadamumenye ndipo sadamukalipire. Adadzuka n'kukatenthetsa mphodza za m'mawa, n'kumugawira monga mwa masiku onse. Ketaki adalakalaka akadamumenya.

Masabata atatu adadutsa. Kusukulu ankakhala yekha. Pamsika mayi wogulitsa masamba adamuyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Si iwe mtsikana wa pafoni uja?" Kuyambira tsiku limenelo ankazungulira njira yaitali. Khutu la bambo ake lidatseka msanga kuposa mmene dokotala adanenera. M'mawa wina adangochotsa kamakina kaja, n'kukaika m'kabati, n'kugula sileti yoti azilemberana. Foni ya Ketaki idali ndi nyimbo zonse za seweroli kupatula zomaliza zija, ndipo panalibenso khutu loti lizimve.

Loweruka lina adapita kuholo kuja. Zithunzi za seweroli zidali zitamatulidwa, patangotsala zipsera za guluu pakhoma. Mlonda wa pachipata adamuzindikira, koma Ketaki atamuchonderera adamuuza komwe a Kinikar ankakhala.

Idali nyumba yakale ya nsanjika, masitepe ake amatabwa onunkha chinyontho. Adagogoda pachitseko cha pansanjika yachitatu. Adatsegula mayi wochepa thupi, wa maso ofiira chifukwa chosowa tulo. Adali a Kusum, mkazi wa a Janardan.

"Amayi, dzina langa ndine..."

"Ndakudziwa. Nkhope yako ndaiona kuposa ya mdzukulu wanga."

Kudzera pamwamba pa phewa lawo, Ketaki adaona munthu atakhala pampando pafupi ndi zenera. Mbali imodzi ya nkhope idali itagwa, kansalu kali pachifuwa kolandira malovu. Dzanja lamanja lidali pamwendo ngati si lake. Pakhoma padali nkhata zamaluwa zouma ndi zithunzi za munthu yemweyo atavala nduwira yagolide.

"Mwamuna wanga sadalawepo mowa chibadwire," adatero a Kusum motsitsa mawu. "Ngakhale madzi ozizira ankakana, kuopa pakhosi. Madokotala akuti akadafika msanga kuchipatala, mwina bwenzi akuyankhula. Akuti mwina. Ine mawu amenewo ndimagona nawo, ndimadzuka nawo."

"Vidiyo ija adaiona?" adafunsa Ketaki.

"Adaloza foni yekha. Adaionera kawiri. Kuyankhula sangathe, koma kumva amamva bwinobwino."

Ketaki adafuna kufotokoza za bambo ake, za khutu, za mayi ake ndi nyimbo ija. Adali atayeseza mawuwo njira yonse. Koma atayang'ananso munthu wa pazenera uja, adaona kuti palibe liwu limodzi lomwe likadakhala ndi ntchito m'nyumba imeneyi.

"Pepani, Amayi," adatero. "Ndidanama. Sindinkadziwa kanthu, koma ndidayankhula ngati ndikudziwa."

"Pepani wakoyo ndimuike pati, mwana iwe? Ndimumwetse? Suli wekha, mudali mazana. Koma enawo alibe nkhope. Iwe uli nayo."

"Ndingawaone?"

"Ayi."

Chitseko chidayamba kutsekeka. Kenaka mkati mudamveka kutsokomola kwautali, a Kusum n'kuthamangirako, chitseko chili chotsegula. Ketaki adaima pomwepo, osalowa, osachoka. Adawaona akupukuta pakamwa pa mwamuna wawo, akuwakonzera pilo, akugwedeza botolo la mankhwala lomwe lidali lopanda kanthu. A Kusum adayang'ana wotchi, n'kuyang'ana mvula yomwe idayamba kugwa panja.

Atabwerera pakhomo adali ndi kapepala ka dokotala m'manja.

"Mwana wathu ali kutali kuntchito. Omwe ankadzaza nyumba ino ndi maluwa adasiya kubwera sabata yachiwiri. Sindingawasiye okha." Adamupatsa kapepalako osamuyang'ana. "Sitolo ya mankhwala ili kuseri kwa kachisi. Amatidziwa. Usaganize kuti ndakukhululukira. Ndikungofuna miyendo."

Ketaki adatsika masitepe akuthamanga. Adalibe ambulera. Pobwerera adabisa mankhwalawo m'kati mwa malaya, madzi akuyenderera m'tsitsi mpaka m'nsapato. A Kusum adalandira kathumbako, n'kuwerenga dzina la pabotolo lililonse, n'kutseka chitseko. Ketaki adatsika masitepe awiri, kenaka adamva mawu kuseri kwa chitsekocho.

"Mankhwalawa amatha Lachisanu lililonse."

Kunyumba bambo ake adamuona atanyowa n'kumukankhira sileti. Ketaki adalemba komwe adapita ndi zomwe adaona, osasiyako kanthu. A Sadanand adawerenga mpaka pansi, n'kufufuta ndi chikhatho, n'kumupatsa thaulo.

Lachisanu, ataweruka kusukulu, Ketaki adakweranso masitepe amatabwa aja n'kugogoda. Chitseko chidatseguka pang'ono chabe. Padatuluka dzanja lokha, litagwira kapepala. Adakalandira ndi manja awiri, n'kutsika.