Mbamu ya Mfumukazi Askale

Ndikulumbira pa mtanda uli m'khosi mwangawu: ndikanama liwu limodzi, nyulu zanga zonse zitsimphine! Ine ndinkanyamula mitengo ya mahema a mfumu, ndiye zonsezi ndinaziona ndekha, diso lamanzereli lisanafe.

Askale anakulira pakhomo pabwino, mwana wa wansembe Gebire. Tsiku limene mfumu inamutenga kukakhala mfumukazi ya kudzanja lamanja, bambo akewo anamudyetsa mbamu ya injera, mkate wathu wopyapyala uja, ndi dzanja lawo, monga timachitira ndi munthu amene timamukonda, nati, "Mwananga, dzanja lodyetsa munthu lisamanyamule china."

Koma kudzanja lamanzere kunali mfumukazi inanso, Zenebu, woseka ndi aliyense. Mayi woluka tsitsi la Askale ankaluka uku akunong'ona: akuti Zenebu wasekanso ndi mfumu, akuti mbamu zimene mfumu imamudyetsa n'zazikulu ngati mutu wa mwana. "Amayi, ameneyu akabereka wamwamuna, inu muzidzamutungira madzi. Ine kamuzu kakupha ndili nako."

Pa phwando lotsatira Askale anakulunga mbamu yokongola, kamuzu kali m'kati, nadyetsa Zenebu akumwetulira. Mbamu yotere munthu sakana. Patatha masiku atatu tinakumba manda.

Palibe anamuganizira Askale. Iye ndiye anayamba kuganizira aliyense. Dzanja lililonse ankalinunkhiza. Wolawa chakudya akalawa, ankaitanitsa wina kuti alawe zimene walawa woyambayo. Woluka tsitsi uja anapirikitsidwa. Askale anawonda mpaka tikamasamutsa msasa tinkachita kumumangirira pa nyulu. Tsiku lina titaiwala, mphepo inamunyamula n'kukamupachika mumtengo, ndipo anakamutsitsa ndine.

Bambo ake atamva anayenda masiku asanu ndi anayi. Anakulunga kambamu kakang'ono, namutambasulira.

"Wakutumani ndani, bambo?" anatero Askale.

Mkuluyo anabwerera akulira.

Kenako inafika Pasaka, tonse titatopa ndi kusala. Mfumu yeniyeniyo, akuluakulu onse akuona, inakulunga mbamu n'kuifikitsa pakamwa pa Askale. Askale anatseka pakamwa.

"Mwaikamo chiyani, mbuyanga?"

Mfumu inadya yokha mbamuyo, pang'onopang'ono, ikumuyang'ana.

"Ine sindinaganizepo kuti m'mbamu mungalowe china, Askale. Iwe unazidziwira kuti?"

Pamenepo tonse tinazindikira chimene chinapha Zenebu. M'mawa mwake tinamuperekeza Askale kwa masisitere a pamwamba pa phiri. Amayi osalakwa aja anayesetsa kumudyetsa, iye n'kumangowayang'ana zala. Anafa ndi njala, dengu lodzaza injera lili pambali pake.

Ananu, mverani: nsanje musaipatse khutu. Ukachitira mnzako choipa mobisa, sudzakhulupiriranso munthu, ngakhale bambo ako okubala, ndipo chidzakupha n'chomwecho.

Eya, za mumtengo zija ndawonjezera ndine. Zinazo kafunseni nyulu.