Chigoba Chokana Kutuluka mu Mfuti ya a Edmond

Nkhaniyi ndinaimva kwa mayi Mainess eni ake, ndipo ndiinena monga anandiuzira.

Chaka cha 1994 akuba ng'ombe anavuta ku Chiparamba. Amuna a mayi Mainess, a Edmond, mphunzitsi wopuma ntchito, anali ndi mfuti ya chilolezo, ija yoti ukawomba imalavula yokha chigoba cha chipolopolo n'kulowetsa china. Usiku wina wopanda mwezi agalu anauwa kukhola. A Edmond anawomba m'mwamba kamodzi, phuu! Kachiwiri mfuti inangoti zii. Chigoba chinali chitakanirira mkati. Iwo ali kalikiliki kuchitokosa ndi mpeni mumdima, mgugu wa ng'ombe unkazilala cha kumalire ku Mwami.

Kutacha anaitsuka, kuidzoza mafuta, kusintha zipolopolo. Akuba atabweranso, zinali zomwezo.

"Bambo a Jesca," anatero a Mainess, "usiku ndimamva chinthu chikuti kwee, kwee, kuchipinda cha katundu kumene mumaimika mfuti."

"Makoswe amenewo, gonani."

Koma mudzi sunagone. Ena ankati akubawo ali ndi mankhwala omanga mfuti. Goodson, mng'ono wa a Edmond amene ankakhala pakhomo pomwepo, anabwera ndi mawu ena, akunong'ona.

"Akulu, makolo ankati mkazi akamayenda ndi wina, mfuti ya mwamuna imakana. Ine sindinatchule munthu."

A Edmond anali mkulu wa mpingo, ndipo anaseka. Koma ng'ombe zokoka ngolo zitapita, kuseka kunatha. Anafunsa mkazi wawo pamaso pa ana kuti atchule dzina la mwamunayo. A Mainess anagwada, analumbira atagwira Baibulo, koma sizinathandize. Anamanga zovala m'chitenje n'kupita kwa achemwali awo kukomboni ya Nabvutika m'tauni.

Mfuti sinachire. A Edmond anaiyang'anitsitsa padzuwa, naona kuti kambedza kokoka chigoba kanali kobuntha ngati dzino la nkhalamba. Anakagula kena m'tauni, osauza munthu. Ataiyesa masana, chigoba chinalumpha bwinobwino.

Usiku umenewo, ali okha pabedi, mphepo italeka kugwedeza malata, anamva. Kwee, kwee. Phokoso linaleka, ngati likumvetsera. Kenako kwee, kwee. Anadzuka akupemphera chamumtima, nanyang'ama m'mbali mwa khoma. Pansi pa chitseko cha chipinda cha katundu pankatuluka kuwala kofiira kwa koloboyi.

Anakankha. Goodson anali atakhala pa thumba la chimanga, mfuti pamiyendo, tupa m'manja.

"Akulu, ndimangoipukuta."

"Ndi tupa?"

Panja, kutali, wina analiza likhweru, kudikira yankho la Goodson.

M'mawa a Edmond anapalasa njinga mpaka ku Nabvutika, nagwada pafumbi pakhomo, anthu akuona, nafotokozera a Mainess zonse.

"Amake Jesca, ndinalakwa. Tiyeni kwathu."

A Mainess anawadzutsa, anawapatsa mpando ndi madzi akumwa.

"Ndakukhululukirani, monga Ambuye amatikhululukira. Koma chitsulo munachiyang'anitsitsa padzuwa musanachiweruze. Ine simunandiyang'ane."

A Edmond anabwerera okha. Pondiuza izi, mayiwo anandipempha kuti tiwapempherere bambowo, ndipo tinatero. A Mainess ku Chiparamba sanabwererenso.