Naima, Ndege ndi Nkhafi ya Agogo

Naima ankakhala ku Lifuwu, pafupi ndi nyanja. Ku Lifuwu kumatentha. Kumatentha m'mawa. Kumatentha masana. Mchenga umaotcha mapazi.

Naima ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kukwera ndege.

Naima anali ndi mkulu wake, dzina lake Karima. Karima ankayendetsa ndege. Inali ndege yaing'ono, yoyera. Inkanyamula katundu kupita ku Nyika. Nyika ndi phiri lalitali la kumpoto. Ndi kutali kwambiri.

Tsiku lina Karima anabwera kunyumba.

"Ndege ndaisiya pa bwalo la ndege ku Salima," anatero Karima. "Mawa ndipita ku Nyika. Mipando iwiri ilibe anthu. Abwana andilola kutenga abale."

Naima analumpha. Analumphanso.

"Ine, achemwali! Ine!"

"Upita," anatero Karima. "Koma ine ndidzakhala ndikuyendetsa. Pafunika munthu wamkulu wokhala nawe."

Naima anayang'ana Amayi.

"Ine ayi, mwanawe," anatero Amayi. "Mpunga wacha. Ndikachoka, mbalame zimaliza munda wonse."

Naima anayang'ana Agogo.

Agogo Twaibu anali msodzi wakale. Anakhala pa mkeka. Nkhafi yawo inali pa miyendo. Nkhafi ndi mtengo wopalasira bwato. Agogo sankapatsa munthu nkhafi yawo. Sankalola ngakhale kuikhudza.

"Usandiyang'ane," anatero Agogo. "Ine sindikwera chinthu chimene sindinachigogode."

Agogo anali ndi chifukwa. Kale anakwera bwato la munthu wina. Linali lopaka utoto wokongola. Mwini wake anati, "Ndi labwino, kwerani." Koma pansi pa utoto panali mng'alu. Bwato linamira. Maukonde a Agogo anapita. Agogo anasambira mpaka kumtunda. Mwini bwato sanapepese.

Kuyambira tsiku limenelo, Agogo ankagogoda bwato lililonse. Kho! Kho! Kho! Ankagogoda kutsogolo. Ankagogoda kumbuyo. Ankatchera khutu. Akamva mng'alu, sankakwera.

"Ndege yanga ndi yabwino, Agogo," anatero Karima.

"Mwini bwato uja anateronso," anayankha Agogo. "Ndege anapanga ndani? Sindikumudziwa. Akuyendetsa ndani? Karima. Karima wa dzana lomweli, wolira ndi mamina!"

Amayi anaseka. Karima sanaseke. Anayang'ana pansi.

M'mawa kwambiri Karima anapita ku bwalo la ndege. Naima anavala diresi lake labwino. Anaika juzi m'chikwama. Anaikamonso bwemba wodya m'njira. Kenako anagwada pafupi ndi Agogo.

"Agogo, tiyeni mukangoiona."

"Sindikwera."

"Kuona kokha, Agogo. Kuona basi."

Agogo anakanda ndevu. "Chabwino. Ndikaone bodza lake."

Anatenga nkhafi yawo. Anakwera kabaza. Naima anakwera kabaza wina.

Anafika ku bwalo la ndege. Ndege inali pa udzu. Inali kunyezimira pa dzuwa. Inali yoyera mbee, ndi mzere wofiira.

"Onani kukongola, Agogo!" anatero Naima.

"Utoto," anatero Agogo. "Bwato lija linalinso lokongola."

Agogo anakhala pansi pa mtengo. Anaifulatira ndege.

Karima anabwera. "Mitambo ikatseka phiri, ndege singatere," anatero. "Ndiyenera kunyamuka dzuwa lisanakwere. Agogo akakana, Naima, utsala."

Naima anayang'ana dzuwa. Dzuwa linali kukwera. Anayang'ana Agogo. Agogo sanatembenuke. Misozi inalengeza m'maso mwa Naima. Koma Naima sanalire. Anapukuta maso. Anayang'anitsitsa zimene Karima ankachita.

Karima ankazungulira ndege. Ankayenda pang'onopang'ono. Anasisita phiko ndi dzanja. Anawerama. Anasuzumira pansi pake. Kenako anapinda chala.

Naima anathamangira kwa Agogo.

"Agogo, tembenukani!"

"Sinditembenuka."

"Ndiye tamverani."

Kho! Kho! Kho!

Agogo anadzutsa mutu. "Akugogoda ndani?"

"Achemwali."

Kho! Kho! Kho!

Agogo anatembenuka. Anaona Karima akugogoda kutsogolo. Anamuona akugogoda kumbuyo. Anamuona akukanikiza tayala. Anamuona akugwedeza mchira wa ndege.

"Akuchita ngati inu, Agogo," anatero Naima. "Ndendende ngati inu."

Agogo anadzuka. Anayenda ndi nkhafi yawo. Anaima pafupi ndi phiko.

Karima anatunga mafuta pang'ono m'kabotolo. Anakweza kabotolo ku dzuwa.

"Ukufuna chiyani m'menemo?" anafunsa Agogo.

"Madzi, Agogo. M'mafuta mukakhala madzi, sindinyamuka."

"Nanga ming'alu?"

"Ndayang'ana. Palibe."

"Dzulo sunayang'ane?"

"Ndinayang'ana. Lero ndayang'ananso. Mawa ndidzayang'ananso."

Agogo anakanda ndevu. "Anakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Za ndege ndinaphunzira kusukulu," anatero Karima. "Koma kusakhulupirira utoto munandiphunzitsa ndinu."

Agogo anangoti, "Mmm."

Naima anakoka malaya a Karima. "Achemwali, Agogo angagogode nawo?"

"Agogode. Koma pang'onopang'ono. Si bwato la mbawa ili."

Agogo anapinda chala. Kho! Kho! Kho! Anatchera khutu. Anapita kutsogolo. Kho! Kho! Kho! Anapita kumbuyo. Kho! Kho! Kho! Anazungulira ndege yonse.

Naima anadikira.

"Ilibe mng'alu," anatero Agogo. "Ndikwera. Koma nkhafi nditenga."

"Kumwamba kulibe madzi, Agogo," anatero Karima.

"Nanga pansi pake?"

Karima anaseka. Naima anaseka. Agogo sanaseke. Anamanga okha nkhafi pakati pa katundu. Anamanga mfundo ya asodzi, yolimba.

Karima anawakweza pa sikelo. Anayeza Agogo. Anayeza Naima. Anayeza chikwama.

"Agogo, khalani apa. Naima, khala apo. Zolemera zikhale pakati."

"Ngati m'bwato!" anatero Naima.

"Mmm," anatero Agogo.

Anamanga malamba. Agogo anati, "Bisimilahi." Injini inalira. Ndege inathamanga pa udzu. Inathamanga, inathamanga. Kenako udzu unatsala pansi.

Naima anayang'ana pa zenera. Anaona minda ya mpunga. Inali yaing'ono ngati mikeka. Anaona nyumba. Zinali zazing'ono ngati mabokosi a machesi.

"Amayi! Tili kuno!" anafuula Naima.

Anaona nyanja yonse. Mabwato anali ang'onoang'ono ngati mbewu za mpunga.

"Agogo, onani nyanja yanu!"

Agogo anatsegula diso limodzi. Kenako anatsegula lina. Anayang'ana nthawi yaitali.

Ndege inakwera. Inakwerabe. Mwadzidzidzi Agogo anagwira makutu.

"Ndinanena ine!" anafuula. "Ndege yandibera makutu! Sindikumva!"

Makutu a Naima analinso atatseka. Koma iye anali akudya bwemba. Atameza malovu, makutu anati pho! Anatseguka.

Naima anapatsa Agogo bwemba. Anawaonetsa pakhosi. "Mezani, Agogo! Mezani!"

Agogo anabwira bwemba. Nkhope yawo inakwinyika ndi kuwawasa. Anameza. Pho!

"Abwerera," anatero Agogo. "Ndipatse wina. Angabedwenso."

Nyanja inatsala kumbuyo. Kutsogolo kunali mapiri. Mapiri aatali. Mapiri obiriwira. Mitambo inali pafupi ndi zenera.

Kenako ndege inagwedezeka. Inakwera. Inatsika. Inagwedezekanso. Naima anachita mantha. Anatseka maso.

"Agogo, tigwa!"

Agogo anayang'ana manja a Karima. Manjawo anagwira chiwongolero bwinobwino.

Agogo anagwira dzanja la Naima.

"Sitigwa, mdzukulu wanga. Awa ndi mafunde chabe. Mafunde a mphepo."

"Mafunde?"

"Eee. Ine ndadutsa m'mwera, mphepo yaukali ya panyanja. Uyu ndi mwana wa mwera. Usalimbane nawo. Likakwera funde, kwera nalo. Likatsika, tsika nalo. Ona mkulu wako. Akudziwa."

Naima anatsegula maso. Ndege inakwera. Naima anakwera nayo. Ndege inatsika. Naima anatsika nayo. Mantha anatha.

"Nyika ndi imeneyo!" anafuula Karima.

Pamwamba pa phiri panali potakasuka. Panali udzu wokhawokha, kutali ndi kutali. Panali maluwa achikasu. Panalibe minda. Panalibe midzi.

Pa bwalo loterapo panali nyama.

"Abulu ovala zamizeremizere!" anatero Agogo.

"Ndi mbidzi, Agogo!" anatero Naima.

Karima anadutsa pamwamba pa mbidzi. Mbidzi zinathawa. Karima anazungulira. Ndege inatsika, inatsika. Matayala anakhudza udzu mofewa. Ndege inaima.

"Alihamudulilahi," anatero Agogo.

Karima anatsegula chitseko. Mphepo inalowa. Inali yozizira ngati madzi a m'firiji.

"Iii! Kuzizira!" anatero Naima. Anavala juzi yake msanga.

Agogo analibe juzi. Paja anabwera kudzangoona. Mano awo anayamba kulumana.

Mayi wina anabwera ndi bulangeti. Dzina lawo linali a Maggie. Ankagwira ntchito yolandira katundu wa ndege.

"Takulandirani, Agogo. Fundani ili. Mwayenda bwanji?"

Agogo anafunda bulangeti. Anaimirira mowongoka.

"Mayi, amene wayendetsa ndegeyu mukumudziwa?"

"Eee, ndi a Karima. Amabwera kuno kawirikawiri."

"Ameneyu ndi mdzukulu wanga. Wa ku Lifuwu. Kugogoda ndinamuphunzitsa ndine."

Agogo analoza Naima. "Uyunso ndi mdzukulu wanga. Wandikweza ndege ndi ameneyu. Wandibwezeranso makutu anga."

Naima anaima mowongoka ngati Agogo. Anamwetulira mpaka mano onse kuoneka.

Agogo anabwerera ku ndege. Anamasula mfundo ija. Anatulutsa nkhafi yawo. Anaigwira ndi manja awiri.

"Karima."

"Wawa, Agogo."

"Gwira."

Karima anabisa manja kumbuyo. "Nkhafi yanu, Agogo? Ija simulola munthu kuikhudza?"

"Nkhafi imakhala ndi woyendetsa," anatero Agogo. "Woyendetsa ndiwe. Gwira, manja anga akuzizira."

Karima analandira nkhafi ndi manja awiri. Anapinda mawondo. Maso ake ananyowa.

"Achemwali, mukulira?" anafunsa Naima.

"Ndi mphepoyi," anatero Karima.

"Wolira ndi mamina uja," anatero Agogo. Tsopano anaseka. Karima anasekanso.

A Maggie anabweretsa tiyi wotentha. Agogo anatambasula bulangeti. Naima analowa mbali iyi. Karima analowa mbali inayo. Anakhala pa udzu, atatu m'bulangeti limodzi. Mbidzi zinali kudya chapatali. Mtambo waung'ono unadutsa pafupi nawo.

Karima anaimbira foni Amayi. Naima analanda foni.

"Amayi! Tili pamwamba pa phiri! Agogo akwera ndege!"

"Akwera? Agogo ako omwewo?"

"Eee! Anaigogoda kaye!"

Agogo anamwa tiyi. Anayang'ana ndege yoyera ija.

"Pobwerera tigogodanso," anatero.

"Tigogodanso, Agogo," anatero Karima.

"Nanenso ndigogoda nawo," anatero Naima.

Anapinda kachala kake. Anagogoda pa nkhafi. Kho! Kho! Kho!

Agogo anatchera khutu.

"Ilibe mng'alu," anatero.