Chipewa Chosatha cha Kamanzere

Unali m'mawa. Kunja kunali chifunga. Kunkazizira kwambiri.

Kamanzere anadzuka makutu ali zii. Anthu ankamutchula Kamanzere chifukwa ankalemba ndi dzanja lamanzere. Ankasesanso ndi dzanja lamanzere.

Kamanzere ankafuna chipewa chake. Koma chipewacho chinali chosatha.

Amayi ake ndiwo anayamba kuchiluka. Analuka theka. Kenako anadwala. Anapita kuchipatala, ndipo anamwalira komweko.

Chipewa chinatsala m'dengu, pawindo. M'dengumo munalinso kamtengo kopotera ulusi. Pakamtengopo panali ulusi pang'ono. Unali ulusi womaliza umene Amayi anapota. Palibe ankaukhudza.

Kuseri kwa nyumba kunali khola la akalulu anayi. Akaluluwo anali a ubweya wautali, wofewa. Amayi ankawapesa ndi chipeso. Ankatolera ubweyawo m'dengu. Ankaupota, n'kukhala ulusi. Ankaluka ulusiwo, n'kukhala zipewa.

Tsopano Bambo ankawapatsa akalulu udzu. Ankawapatsa madzi. Koma sankawapesa.

Kamanzere anapeza Bambo akutsuka mbale za akalulu.

"Ababa, makutu anga akuzizidwa," anatero.

"Ndikugulira chipewa kumsika, mwana wanga."

"Sindikufuna cha kumsika. Ndikufuna cha Amayi."

Bambo anapitiriza kutsuka mbale. Mbaleyo inali itayera kale.

"Ulusi ndi wochepa," anatero Bambo. "Sungakwane. Kuluka ndimadziwako, amayi ako anandiphunzitsa. Koma kupota sindinayesepo."

"Ubweya ulipo, Ababa. Taonani Mtambo."

Mtambo anali kalulu wamkulu kuposa onse. Ubweya wake unali utakula kwambiri. Ngakhale maso ake sankaoneka.

Bambo anapumira m'mwamba. "Katenge chipeso," anatero.

Kamanzere anamuika Mtambo pamiyendo. Anamupesa kumsana. Anamupesa m'mbali. Anamupesa pang'onopang'ono, monga ankachitira Amayi. Mtambo anangokhala phee.

Ubweya unadzaza dengu. Wina unauluka. Unakamatira pandevu za Bambo.

"Ababa, mwakalamba lero lomwe!" anatero Kamanzere.

"Iwe, usandinene. Taona mphuno yakoyo."

Anaseka pang'ono. Kenako analowa m'nyumba.

Bambo anatenga kamtengo ka Amayi. Anagwira nsonga ya ulusi wa Amayi. Anailumikiza ndi ubweya wa Mtambo. Kenako anazunguza kamtengo ndi dzanja lamanja.

Kamtengo kanazungulira. Koma ulusi sunalimbe. Ulusi wa Amayi unayamba kumasuka. Unamasuka, unamasuka, n'kuduka. Kamtengo kanagwa pansi, go!

Bambo anayesanso. Ulusi unamasukanso. Unadukanso. Go!

Ulusi wa Amayi unkachepa.

"Ababa, lekani!" analira Kamanzere. "Mukumasula ulusi wa Amayi! Utha wonse!"

Bambo anaika kamtengo patebulo. Anapita pawindo. Anaima pamenepo nthawi yaitali.

"Pepa, mwana wanga," anatero. Sanatembenuke. "Manja angawa ndi a khasu basi."

Kamanzere anatola tiulusi timene tinagwa pansi. Anatitola tonse, kamodzikamodzi. Anatiika m'thumba la diresi lake.

Kenako anatenga kamtengo. Kanali kosalala pamene Amayi ankagwira. Kamanzere anaika zala zake pomwepo.

Analumikiza ubweya wa Mtambo. Anazunguza kamtengo ndi dzanja lamanzere.

Kamtengo kanazungulira. Kanazungulira mbali ina, osati mbali ya Bambo ija.

Ulusi sunamasuke. Unapotana. Unalimba. Ubweya wa Mtambo unagwirana ndi ulusi wa Amayi.

"Ababa," ananong'ona Kamanzere. "Taonani. Sukuduka."

Bambo anatembenuka. Anayang'ana kamtengo. Anayang'ana dzanja la mwana wawo.

"Ha!" anatero motsitsa mawu. "Ine ndimazunguzira uku. Amayi ako ankazunguzira uko. N'chifukwa chake ndimaumasula."

"Chifukwa chiyani ankazunguzira uko?"

"Nawonso anali amanzere, ngati iwe."

"Ndikudziwa, Ababa. Inu munaiwala?"

"Sindinaiwale," anatero Bambo. "Kungoti sindimafuna kukumbuka."

Anakhala pansi pafupi ndi Kamanzere. Anamugwirira dengu la ubweya.

Ulusi wa Kamanzere sunali wokongola. Pena unali wonenepa. Pena unali woonda. Pena unali ndi timfundo. Koma sunaduke.

Tsiku lililonse, Kamanzere ankapota akaweruka kusukulu. Tsiku lililonse, Bambo ankaluka akabwera kumunda. Ankalakwitsa. Ankamasula mzere wawo. Ankayambiranso. Koma mizere ya Amayi sanaikhudze.

Patapita masiku asanu ndi anayi, chipewa chinatha.

M'munsi chinali chosalala. Amenewo anali manja a Amayi. Pamwamba chinali cha mabampu. Amenewo anali manja a Kamanzere ndi Bambo.

"Chapendekera," anatero Bambo.

"Chisiyeni choncho," anatero Kamanzere.

Anachivala. Chinaphimba makutu onse awiri. Chinali chofunda.

Kamanzere anayendetsa chala pachipewa. Anapeza pamene Amayi analekezera. Anagwira pamenepo kanthawi. Bambo nawonso anagwira pamenepo.

Kunja chifunga chinali chisanachoke. Akalulu atatu anali asanapesedwe.

Bambo ananyamula chidebe cha madzi. Kamanzere anatenga chipeso ndi dengu. Anapita kukhola.

"Bwera kuno, iwe," anauza kalulu wachiwiri. "Lero ndi tsiku lako."