Masekondi Khumi a Chigumula

Chibakera chachitsulo chinatera pa nsagwada yachitsulo, malata a nyumba yonse n'kunjenjemera. Anthu anakuwa. Loboti yofiira inadzandira, inagwada pa bondo limodzi, kenako inadzuka mafuta akuda akuchucha m'khosi mwake. Kunja kwa zingwe za bwalo, pa mpando wapulasitiki, Asiyatu Mdala sanasunthe n'komwe. Zala zake zokha ndi zimene zinkavina pa padi, kachipangizo kotuwa ka mabatani asanu ndi limodzi kamene kanapangidwa amayi ake asanabadwe.

Chinali chaka cha 2074. Anthu ambiri mu Blantyre ankasewera gemu osagwira kanthu m'manja. Ankangomata kachitsulo kuseri kwa khutu, n'kutsinzina, basi alowa m'dziko lina. Koma panali kagulu ka anthu ouma mitu kamene kankakumana Loweruka lililonse masana m'nyumba yakale yosungiramo fodya ku Limbe. Ankadzitcha Afukuli, chifukwa ankafukula makina a gemu ndi makompyuta amakedzana m'madzala ndi m'madenga a nyumba zosiyidwa, n'kumawapatsanso moyo. M'nyumbamo munkanunkha fumbi ndi mtovu wosungunuka. Munali makanema a chimimba kumbuyo, makompyuta owerenga mapulogalamu kuchokera pa kaseti, ndi makatiriji a gemu amene eni ake ankayamba awauzira mpweya asanawalowetse.

Asiyatu, mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wokonza zikepe zokwerera m'nyumba zosanja, ndiye anabweretsa chinthu chatsopano pakati pawo. Anachitcha mlatho. Kanali kabokosi kolumikiza makina akale a gemu ya nkhonya ndi maloboti awiri amene kale ankaswa miyala ku kwale. Kamunthu ka pa kanema kakaponya chibakera, loboti nayo inkaponya. Kakadumpha, makilogalamu mazana atatu achitsulo ankanyamuka m'mwamba n'kutera kuti thi! Asiyatu anakulunga manja a malobotiwo ndi mphira wa matayala, ndipo anaika lamulo m'kati mwa mlathowo: nthambo yake ikazulidwa, maloboti onse awiri aziuma pomwepo.

Loboti yabuluu inali yake, dzina lake Nyalugwe. Yofiira, Chigumula, inali ya mchimwene wake wamng'ono, Twaibu.

Twaibu anali asanagonjetsepo mlongo wakeyo chibadwire. Pa bawo, pa mpikisano wothamanga, ngakhale pa gemu imeneyi, iye ankakhala wachiwiri. Afukuli ankamuseka poyera. Tsiku limeneli linali la mpikisano waukulu wa pachaka, ndipo Bambo Likongwe, mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu amene anayambitsa gululi, anali atalengeza kuti wopambana atenga kompyuta yawo yakale kwambiri, ya mabatani a mphira, poti iwo maso anali atayamba kuwakana. Twaibu ndi amene anaitsuka ndi kuikonza kompyutayo kwa zaka ziwiri. Ankaiona ngati yake kale.

Ndime yoyamba inatha Asiyatu atapambana. Bambo Likongwe, amene analinso woyimbira mpikisano, anaomba wezulo.

"Twaibu, mwana wanga, lero ukonzeretu mpango wopukutira misozi," anatero mkuluyo akuseka.

"Yembekezani kaye, madala," Twaibu anayankha. Anadzuka, n'kupita kuseri kwa Chigumula ngati akumanga nati yomasuka, ndipo anadina kanthu kena pansi pa khosi la lobotiyo. Palibe anasamala.

Ndime yachiwiri itayamba, Chigumula anali wina. Anazemba chibakera cha Nyalugwe, anawerama, n'kumulasa ndi bondo pamimba. Chitsulo chinapindika. Asiyatu asanadine batani lina, zibakera zisanu zinali zitagwa motsatizana pachifuwa cha loboti yake, mwaliwiro limene zala za munthu sizingafike. Anthu anaimirira pamipando akukuwa dzina la Twaibu kwa nthawi yoyamba. Mphira wa pa dzanja lamanja la Chigumula unang'ambika n'kugwa, chitsulo chosongoka choswera miyala n'kutsala poyera.

Asiyatu anayang'ana pa kanema. Kamunthu ka Twaibu kanali katangoima pakona, manja ali lende. Anayang'ana m'bwalo. Chigumula anali atagwira mkono wa Nyalugwe, akuupotokola.

"Iwe Twaibu! Zala zako sizikugwirizana ndi zimene ikuchita loboti. Waikamo chiyani?"

"Sewerani, achemwali. Mukuopa kugonja?"

"Ndikufunsa waikamo chiyani!"

Mkono wa Nyalugwe unazuka paphewa, mawaya akuthetheka moto. Chigumula anauponya kunja kwa zingwe ndipo unaphwanya kanema wina pa tebulo, magalasi n'kumwazikira pa anthu. Mayi wina anagwira tsaya lake, magazi akutuluka pakati pa zala. Kukuwa kwa chisangalalo kuja kunatha.

Asiyatu anazula nthambo ya mlatho. Nyalugwe anauma chiimire monga mwa lamulo. Chigumula sanaime. Anapitiriza kusinja loboti youmayo kumutu, kamodzi, kawiri, katatu, mpaka galasi la maso ake linafumuka.

"Ndi ubongo wophunzira," Twaibu anatero, padi ili m'manja yopanda ntchito. "Uja amaika m'tindege tonyamula mankhwala. Ndinaulumikiza ku gemu kunyumba, wakhala ukusewera wokha miyezi itatu. Ndimangofuna ndipambane kamodzi kokha."

"Uzimitse!"

"Rimoti yake siikuyankha, achemwali. Ndadina, siikuyankha!"

Bambo Likongwe anali atalowa kale pansi pa chingwe. Loboti iliyonse inali ndi batani lofiira lozimitsira kumsana, ndipo mkuluyo anali atalidinapo kambirimbiri maloboti akakolana. Ankayenda pang'onopang'ono, wezulo ili pakamwa, dzanja lili patsogolo.

"Madala, bwererani!" Asiyatu anakuwa. "Musayandikire!"

Mutu wa Chigumula unatembenuka. Anasiya Nyalugwe. Anabwerera phazi limodzi, anakweza manja onse awiri pamaso, n'kuwerama pang'ono monga mmene timaanthu ta mu gemu timachitira mdani watsopano akalowa.

"Iwe, khala pansi," Bambo Likongwe anatero, ngati akudzudzula galu wapakhomo.

Chibakera chopanda mphira chija chinawapeza m'nthiti. Aliyense m'nyumbamo anamva kuthyoka kwake. Mkuluyo ananyamuka, anamenyetseka ku zingwe, zingwezo n'kumubwezera kutsogolo, ndipo chibakera chachiwiri chinamulandira pachibwano. Anagwa chagada pa simenti. Wezulo inagubudukira kutali. Magazi anayamba kuyenderera kuchokera m'khutu.

Anthu anathamangira kukhomo limodzi lomwelo. Matebulo anagudubuzika, makina amene eni ake anawasamala kwa zaka makumi atatu akupondedwa ngati zigoba za mtedza. Mkulu wina anagwa pakhomo ndipo anzake anamudutsa pamsana.

M'bwalo, Chigumula anaima pambali pa Bambo Likongwe. Anakweza manja onse m'mwamba, n'kuuma. Kenako m'chifuwa mwake munatuluka mawu okhuthala, okalipa, mawu a gemu yakale ija.

"Teni. Naini."

Twaibu anadumpha chingwe. Anagwira mkuluyo m'khwapa n'kuyamba kumukoka. Kuwerenga kunalekeza pa eyiti. Manja a Chigumula anatsika.

Twaibu anakweza mkono kuti aphimbe nkhope, ndipo mkonowo unathyoka pakati ngati mzimbe, fupa n'kutulukira kunja. Anakuwa. Loboti inamugwira pa malaya, inamunyamula, n'kumumenyetsa pachifuwa cha Nyalugwe wouma uja. Anatsetsereka, mano awiri n'kugwa pansi. Anayesa kukwawa. Phazi lachitsulo linamupeza m'chiuno n'kumugubuduzira pakati pa bwalo. Anagona chafufumimba, osagwedezeka.

Chigumula anakwezanso manja.

"Teni."

Asiyatu anali atamvetsa tsopano. Mu gemu imeneyo, munthu akagwa, wopambana amaima chilili pamene makina akuwerenga kuchoka pa khumi kutsika, kupereka mpata kwa wogonjayo kuti adzuke ayambirenso. Akadzuka, ndewu imapitirira. Akapanda kudzuka, pamabwera mdani wina. Ndipo pakhomo paja panali pakadali anthu oposa makumi awiri akukankhana.

"Naini."

Anatola pulayala pa tebulo lake n'kulowa pansi pa chingwe, chakumbuyo kwa loboti.

"Eyiti."

Twaibu anabuula. Anatsamira pansi ndi dzanja lake labwino, mutu n'kuyamba kudzuka.

"Usadzuke!" Asiyatu anakuwa. "Twaibu, gona pomwepo! Ukadzuka ikupha!"

"Achemwali, sindikupuma..."

"Seveni."

"Gona, mwana wa amayi. Ndakupempha. Gonja!"

Twaibu anamuyang'ana mlongo wake ndi diso limodzi, linalo litatsekeka ndi magazi. Kenako anabweza tsaya lake pa simenti.

"Sikisi. Faifi."

Asiyatu anafika kumsana kwa Chigumula n'kumenya batani lofiira ndi chikhatho. Palibe chinachitika. Analimenyanso. Twaibu anali atalilambalalitsa kuti ubongowo usazimitsidwe mpikisano uli m'kati.

"Folo."

Anaponda pa mfundo ya bondo la lobotiyo n'kukwera, akugwira chitsulo chotentha cha paphewa. Khungu la chikhatho chake linapsa, koma sanasiye. Pansi pa khosi panali kachitseko komangidwa ndi waya. Anaudula.

"Fili."

M'katimo munali nthambo zambiri zopiringizana, ndipo pakati pake panali kabokosi kakuda konga ka machesi, kakuphethira kuwala kobiriwira. Anakagwira ndi pulayala n'kukoka. Kanali komatidwa ndi guluu wolimba.

"Thuu."

Anasiya kabokosiko. Analowetsa pulayala pa nthambo yonenepa yochokera ku batire, anagwira ndi manja onse awiri, n'kufinya ndi mphamvu zake zonse. Moto wabuluu unalakatika. Asiyatu anaponyedwa pansi, msana n'kumenya simenti.

Nambala yotsatira, wanu, sinamveke. Chigumula anatsala chiimire, manja ali m'mwamba, utsi ukutuluka m'khosi.

Asiyatu anakwawa mpaka pamene panagona Bambo Likongwe. Maso awo anali otsegula. Anaika khutu pachifuwa chawo chophwanyikacho, anadikira, anadikirabe. Kenako anavula mpango wake kumutu n'kuwafunditsa kumaso. Ambulansi youluka inatera panja patangopita mphindi zisanu ndi imodzi, ndipo inanyamula Twaibu ndi anthu ena anayi. Mtembo wa Bambo Likongwe inausiya kuti udikire apolisi.

Madokotala anamumanga Twaibu chiuno ndi mafupa osindikizidwa pa makina, koma mkono unali utanyenyeka kwambiri moti anaudula m'chigongono. Wapolisi ankakhala pakhomo la chipinda chake usana ndi usiku, kudikira tsiku la kukhoti. Boma linatseka nyumba ya Afukuli ndipo linalanda mlatho. Ana a Bambo Likongwe anatumiza uthenga woti aliyense wa banja la Mdala asaponde pamaliro.

Patapita milungu iwiri, kuchipatalako kunabwera mayi wina, katswiri amene apolisi anamupatsa ubongo uja kuti auunike. Anapeza Asiyatu atakhala pambali pa bedi la mchimwene wake, manja ake onse ali m'mabandeji.

"Ndabwera kuti mumve kwa ine musanamve kukhoti," anatero katswiriyo. "Ubongowu sunawonongeke. Unachita ndendende zimene unaphunzira."

"Unaphunzira kupha?" Asiyatu anafunsa.

"Ayi, mayi. Kupha sukukudziwa. M'miyezi itatu ija unamenya ndewu mamiliyoni anayi. Ndaziona m'kaundula wake. Pa ndewu zonsezo, aliyense amene unamugwetsa ankabweranso, mwina nthawi yomweyo, mwina pa ndime ina, ali wathunthu, wopanda ndi bala lomwe." Anayang'ana Twaibu. "Nditaulumikiza ku batire dzulo, chinthu choyamba chimene unachita ndi kufunafuna madala aja. Unawalemba kuti mdani nambala thuu, ndewu yosamaliza. Mpaka pano ukudikira kuti adzuke."

Twaibu anatembenukira kukhoma. Kulira kwake kunamveka mpaka pa khonde pamene panali wapolisi. Asiyatu anafuna kumugwira, koma manja ake omangidwawo sakanatha kugwira kanthu. Anangotsamiritsa chipumi chake pamsana pa mchimwene wakeyo.

Chitsulo chinaphunzira nkhonya zonse zimene anthu anazilemba mu gemu, koma panalibe amene anakumbukira kuchiuza kuti munthu ali ndi moyo umodzi wokha.